Nyenyezi za Masana

Okutobala wafika pakati.
Mitambo yayamba kusonkhana kuseri kwa phiri la Kasungu
ngati anthu odzalonjerera ngongole.
Ndatseka chitseko, mazenera ndaphimba ndi zitenje,
dzuwa lili paliwombo,
ndagona chagada pasimenti
kuwerenga nyenyezi za m'denga langa.

Chaka chatha zinali zisanu ndi ziwiri.
Lero zakwana khumi ndi imodzi.
Ina yatulukira pamwamba penipeni pa bedi,
ina pomwe ndimasanja matumba a chimanga.
Dzimbiri limadziwa kusankha malo.

Malatawa tinagula chaka chimene fodya anatikonda,
mabelo asanu ndi atatu ku Chinkhoma,
bambo ake a Tiyese akutsika pa matola
fumbi mpaka m'nsidze, mano okha mbee.
Anakhoma okha. Msomali uliwonse ndikuudziwa.
Wokhota uwo ndi pamene anadziphwanya chala
natukwana, abusa akudutsa panjinga.

Tsopano nyundo yawo ili m'manja mwanga.
Mpini wake unazolowera chikhatho china.

A Chadzunda akalipentala anati zikwi makumi atatu,
kupatula phula, kupatula chamasana.
Ndinangoseka.
Ndabwereka makwerero a kutchalitchi,
aja osowa sitepe yachitatu,
ndavala buluku la malemu m'kati mwa chitenje,
ndakwera.

Amayi a pamjigo asiya kupopa.
Ayang'ane.
Mvula sifunsa kuti mwamuna wa pano ali kuti.

Kumwamba kuno nyenyezi sizioneka,
lata lililonse lifanana ndi linzake, lingootcha maondo.
Ndiye Tiyese ali m'kati ndi nsungwi,
kunsonga wamangirira kaudzu.
"Amayi, mwakaona?"
Kaudzu kasuzumira pabowo
ngati chimanga cha masiku asanu.
Ndikwecha dzimbiri ndi chibenthu cha njerwa,
ndipaka phula,
ndimata kansanza ka yunifolomu yake ya Sitandade 3,
ndipakanso phula.
Imodzi yazima.
"Kwada pang'ono!" akufuula mwanayo.
Sindinkadziwa kuti mdima ungandikondweretse chonchi.

Uziponda pamzere wa misomali, ankatero,
pansi pake ndiye pali mtanda.
Ndaponda. Pena pafewa.
Chiswe chinafika kale, chinadya za m'kati
n'kusiya khungu lokha kuti tizinamizana.
Imeneyo ndi ntchito ya Loweruka:
mtengo umodzi wa bulugamu,
oyilo wakuda wopempha kugalaja ya pafupi ndi depoti.
Nanga chitseko chakuseri chija chikukhula pansi,
mahinjesi atopa,
mng'alu wa kuchipinda tsopano ukulowa chala,
khonde nalo likufuna theka la thumba la simenti
ndipo sindinaliuze kuti feteleza ndiye ayamba.
Nyumba ili ngati mwana wasukulu,
sibwera ndi vuto limodzi.

Yachisanu ndi chinayi. Yakhumi.
Manja ada bii, thukuta likuwawa m'maso,
ndikokota chitini ndi kamtengo,
ndikokotanso.
Phula latha.

"Yatsala imodzi, amayi, ya pakona."
Pakona sipakhala kanthu,
njinga yopanda tcheni basi.
Ndakhala kaye pamsana pa nyumba yanga.
Kuchokera pano ndikuona zigafa za eni ake,
malole akulowera ku Mzuzu,
ndi madenga a anzanga onse
opsinjidwa ndi miyala, njerwa, matayala akutha.
Kani tonse tikugwirizira.

Chizimalupsa chabwera Lachinayi usiku,
mphepo patsogolo, kenaka chiphokoso pamalata.
Ndadzuka, ndapapasa bulangeti: louma.
Ndapapasa matumba: ouma.
Tiyese ali mkonono, phazi kunja kwa neti.
Mabeseni onse ali kukhitchini, ovundikira,
kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu.

Koma pakona paja, m'ndowa yachitsulo,
tho.
Kenaka tho.
Ndamvetsera mpaka kuiwala kuwerenga.
Mawa ndikagulitsa nkhuku yachitsotso ija,
kachitini kakang'ono kakwana.
Kapena mkuja.